Mwala Umene Unagwera Sagonja

Lachinayi pa 14 Malichi, m'chaka cha 19 cha ulamuliro wa Mfumu Mlekeni Wachitatu, nthawi ili mphindi 20 kupitirira 3 koloko masana, mwala unagwera Sagonja m'Phanga la Mizukwa Isanu. Mwalawo unali kansangalabwi kakakulu ngati mtedza. Phangalo linali lojambula papepala. Sagonja anali kachidole ka mtengo wa mlombwa, kotalika ngati chala chamkombaphala, kosemedwa nkhope ya Mfumu. Palibe munthu amene anavulala. Pofika Loweruka madzulo, anthu 37 ndi mtengo umodzi wa mapeyala anali m'manja mwa apolisi.

Amene sanakhalepo mu Ufumu wa Salakwa afunika kuwafotokozera. Lachinayi lililonse masana, ku nyumba yachifumu mumzinda wa Ombam'manja, Mfumu ndi nduna zake zisanu amachita masewera a patebulo otchedwa Mapanga ndi Malupanga. Mfumu inabwera nawo kuchokera kunja, komwe inapita kukachotsa dzino n'kukhalako miyezi inayi. Wosewera aliyense amakhala ndi kachidole kake ndi kambale ka nyemba, ndipo amaponya dayisi la mbali 20 ulendo wake ukafika. Nyembazo ndizo moyo wa kachidole: kakalasidwa zimachotsedwa, kakachiritsidwa zimabwezedwa. Pali buku la malamulo la masamba 300. Pali munthu mmodzi amene sasewera, koma amafotokoza nkhani, amayendetsa adani onse, ndi kugamula zomwe bukulo likutanthauza. Udindo wake umatchedwa Wosunga Buku.

Chaka chimenecho Wosunga Buku anali Welosi Kanyimbiri, wa zaka 61, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Anali wachitatu pa udindowo. Awiri oyamba anali kundende ya Khalachete, woyamba chifukwa chogamula kuti lupanga la Sagonja laphonya, wachiwiri chifukwa choyasamula Mfumu ili pakati poponya. Tsiku lomwe wachiwiriyo anatengedwa, kachidole ka Mkulu wa Asilikali kanali chikomokere m'ngalande. Ndime 9 ya bukulo imati Wosunga Buku akachotsedwa nkhani yathera pomwepo, ndipo aliyense wokomoka amawerengedwa kuti wafa. Mfumu inawerenga ndimeyi mokweza kawiri, inaseka mpaka kutsamwa, nilamula kuti imfa ya kachidoleko ilengezedwe pawailesi.

Sagonja sankafa. Sagonja anali wokhwima. Ndime 44 imati: "Wokhwima, matsenga samkhudza." Moto wa mfiti ukamufika unkazima, mphenzi inkabwerera kwa mwini wake. Ndime 45 imawonjezera kuti wokhwima akafuna matsenga omuthandiza, mwini wake anene mokweza mawu awiri akuti "Ndatsitsa chishango." Ndime imeneyi Mfumu sinkaikonda. Kachidole ka sing'anga pa tebulopo kanali ka Nduna ya Zomasulira, a Gelevazio Chibwebwe, ndipo Mfumu sinkakhulupirira mankhwala a munthu amene amaseka nthabwala isanathe. Choncho pa 2 Febuluwale inalemba ndi dzanja lake Lamulo 208: "Chishango cha Mfumu sichitsika. Matsenga onse, oipa ndi abwino, a mdani ndi a bwenzi, samkhudza Sagonja."

Pakufunikanso kudziwa malamulo ena awiri a dzikolo. Loyamba limati Mfumu silakwa. Lachiwiri limati wonena kuti Mfumu yafa, kapena chithunzi chake, kapena chilichonse chokhala ndi nkhope yake, adzakhala ku Khalachete moyo wake wonse.

Zomwe zinachitika pa 14 Malichi zinalembedwa ndi mlembi wa nyumba yachifumu. Mfiti ya m'phangalo, yomwe ankaiyendetsa ndi Welosi, inaponya moto katatu, moto n'kuzima katatu. Kachinayi sinaponye moto. Inakweza mwala ndi matsenga mpaka kudenga la phanga, pamwamba pa Sagonja, n'kuuleka. Welosi anaponya dayisi, linaonetsa 14. M'kambale ka Mfumu munali nyemba 11. Anazichotsa imodziimodzi, naika kansangalabwi pa kachidoleko.

"Sagonja wakomoka, Mwini Dziko," anatero. "Ulendo ndi wanu."

Mfumu inaponya. A Chibwebwe anasuntha sing'anga wawo mofulumira. "Ndikumuthira mankhwala a nyemba khumi!"

"Sakumkhudza, a Nduna. Lamulo 208."

Mfumu inaponya kachiwiri. A Chibwebwe anayesanso, ulendo uno ndi nyimbo. Sizinamkhudze. Mfumu inanyamula dayisi kachitatu, koma dzanja lili m'mwamba inafunsa: "A Kanyimbiri, tikaponya ili, chichitike n'chiyani?"

"Ndime 60 ikuti wokomoka akapanda kuchiritsidwa, mwini wake akaponya kachitatu, ndiye kuti…"

A Chibwebwe anakhosomola kwambiri moti mlembi sanamve mawu otsiriza, ndipo Welosi sanawabwereze.

Mfumu inaika dayisi pansi mosamala ngati dzira. "Mwala uja unali matsenga," inatero. "Sunatikhudze. Bwezani nyemba."

"Ndiyenera kuwerenga kaye, Mwini Dziko."

"Werengani. Lachinayi likubwerali mutiuze kuti mwawerenga bwino."

Aliyense m'chipindamo anamva zomwe sizinanenedwe. Welosi anali ndi masiku asanu ndi awiri oti asankhe pakati pa bukulo ndi khomo la nyumba yake.

Lachisanu pa 15 Malichi, Bwalo la Nduna linakhala maola asanu ndi limodzi kuti lithandize Wosunga Buku kuwerenga. A Chibwebwe analankhula maola anayi mwa amenewo. "Anzanga," anatero, "mwala umakhala pansi. Agogo athu anaupeza pansi, ife taupeza pansi. Mwala wopezeka m'mwamba wachita zachilendo, ndipo wochita zachilendo pobwerera sangakhale wosalakwa. Kugwa ndi mchira wa matsenga. Kodi njoka ikakhala ya ululu, mchira wake tinganene kuti ndi chingwe?" Nduna zinaomba m'manja mphindi zisanu ndi zinayi. Madzulo wailesi inalengeza Lamulo 215: "Chilichonse chogwa ndi matsenga."

Bwalolo linaiwala kuti m'dzikomo munali kale lamulo loletsa matsenga, lokhala ndi chilango cha zaka zisanu. Apolisi sanaiwale.

Loweruka m'mawa anafika pa Msika wa Nong'onani. Mkazi wa Welosi, Filesi Nambewe, amagulitsa anyezi ndi matimati pamsikapo, benchi lachinayi kuchokera pachipata, moyandikana ndi Lemani wokhoma zidebe. Anyezi mmodzi anagubuduka pa mulu n'kugwera pa nsapato ya wapolisi.

"Mayi, anyezi uyu mwamugwetsa ndinu kapena wagwa yekha?"

"Wagwa yekha, achimwene."

"Ndiye mfiti ndi iyeyu."

"Mtengeni," anatero Nambewe. "Koma pomufunsa mafunso musamusende. Ameneyo amakhetsa misozi ndi apolisi omwe."

Wapolisiyo anaika anyezi m'thumba, nalemba m'kabuku. Lemani anadikira kuti apite patali. "Inetu ndagwa panjinga kawiri mwezi uno," anatero. "Ufiti wonsewu, koma kumudzi ndikupitabe pa minibasi."

"Tsitsani mawu, a Lemani. Ndi nyundo yanuyo mukugwetsa tsiku lonse, zaka zisanu sizikukwanirani."

Anagwidwa tsikulo anali mayi wina amene anagwetsa dengu, omanga nyumba asanu ndi atatu, ana a sukulu osewera fulaye, ndi mwamuna wina amene anagwa yekha atamwa. Mtengo wa mapeyala wa pakati pa msika unagwetsa peyala pamaso pa mkulu wa apolisi wa dera, ndipo poti sukanakwera galimoto, anaumanga unyolo pomwepo n'kuikapo alonda awiri.

Sikuti onse anadandaula. Unduna wa Zomangamanga unatulutsa chikalata chothokoza Mfumu, chonena kuti tsopano zadziwika chomwe chinagwetsa mlatho wa Tidzaukonza mu Januwale, ndipo komiti yofufuza za simenti yathetsedwa. Lamlungu kunagwa mvula Mfumu ikuyendera perete. Mneneri wa nyumba yachifumu analengeza kuti Mfumu sinanyowe. Lolemba analengezanso kuti chimfine chomwe Mfumu ili nacho n'chakale.

Lamulo 215 linakhala masiku atatu. Ku Salakwa nduna ikalowa pamaso pa Mfumu siigwada, imadzigwetsa chafufumimba pa mapazi ake, ndipo yogwa mwamphamvu ndiyo imakumbukiridwa pogawa maudindo. Lolemba pa 18 Malichi, 9 koloko m'mawa, nduna 22 zinalowa m'bwalo n'kudzigwetsa monga mwa masiku onse. Mkulu wa apolisi wa dziko lonse, munthu wosadziwa kuseka, anaziwerenga, natumiza uthenga kuti abweretse maunyolo 22. Pofika 10 koloko lamulolo linali litaleka kugwira ntchito. Silinachotsedwe, pakuti kuchotsa kukanatanthauza kuti Mfumu inalakwa. Linapumitsidwa. Anthu 37 aja anamasulidwa. Mtengo sunamasulidwe, chifukwa panalibe wachibale wodzasainira.

Lachiwiri Bwalo linayesa njira ina. A Chibwebwe anati mwala ukhale mwala, koma matsenga ochiritsa si matsenga, ndi chikondi. Anaitanitsa Welosi kuti avomereze. Welosi anapempha kuti amubweretsere Lamulo 208, nawerenga mokweza mawu akuti "oipa ndi abwino," nafunsa mwaulemu ngati pali nduna ina yofuna kukauza Mfumu kuti dzanja lake linaterereka polemba. Mlembi analemba kuti panali chete wa mphindi zinayi, kenako Bwalo linayamba kukambirana za mayunifolomu a alonda a mtengo.

Lachitatu masana Welosi anapita kumsika, nakhala pa chitini kuseri kwa benchi la mkazi wake, buku lili pamiyendo.

"Tanenani, bambo a Tiyese," anatero Nambewe osamuyang'ana, akusanja matimati. "Mwalawo mumaugwetseranji?"

"Si ine, ndi mfiti."

"Mfitiyo imalankhula ndi pakamwa pa yani?"

"Inaona moto wake ukuzima katatu. Mfiti yanzeru ikanatani?"

"Mfiti yanzeru ikanapita kwawo kukalima."

Lemani anaseka, nyundo ili m'mwamba. "Koma aphunzitsi, ndifunse nawo. Kukhwima kwake n'kotani kokana ndi mankhwala omwe? Kwathu munthu akakhwima amasiyako kakhomo kakumbuyo, kolowera asing'anga."

"Kakhomoko kalipo, a Lemani. Ndime 45. Anakakhoma okha ndi misomali."

"Ndiye ingonenani kuti mwala ndi matsenga," anatero Nambewe. "Mawu atatu. Ine tsiku lililonse ndimauza anthu kuti matimati awa ndathyola lero. Kumwamba sikunagwe."

"ANambewe, zaka 34 ndakhala ndikuuza ana a eni kuti yankho silisintha chifukwa wafunsa ndi mwana wa ahedi. Ena ndinawakwapula. Pano ndi akuluakulu, ena ndi madalaivala, amandipatsa moni pamsewu. Ndiwayang'ana bwanji?"

"Ku Khalachete simudzawayang'ana n'komwe." Anapukuta manja pa chitenje. "Bulangete ndachapa kale. Sopo, mbale, kapu, zili m'chikwama pakhomo. Ndimakudziwani."

Kunabwera wogula, nasankha anyezi nthawi yaitali, napita osagula. Nambewe anabwezeretsa mulu.

"Akakutengani, bukulo alisunga ndani?"

"Asankha wina."

"Ndiye winayo adzangoyambira pomwe mwasiyira? Kachidoleko kali chigonere pansi pa mwala?"

Welosi anakweza mutu. Anatsegula buku, osati pakati pomwe anakhala akuwerenga sabata yonse, koma koyambirira, tsamba lachitatu. Anawerenga ndi chala.

"ANambewe," anatero, "bulangete lija libwezeni pabedi."

"Likhala pakhomo pomwepo. Inu ndi buku lanulo sindikukhulupirirani."

Lachinayi pa 21 Malichi, 2 koloko masana, tebulo linali monga linasiyidwira. Kansangalabwi kanali pa Sagonja, kambale kanali kouma, dayisi linali patsogolo pa mpando wa Mfumu. Chatsopano chinali alonda anayi pakhomo.

"A Kanyimbiri," inatero Mfumu, mphuno ili yofiira, "tamva kuti mwaganiza."

"Ndawerenga, Mwini Dziko. Kuganiza ndinasiyira a Nduna."

"Mwala uja, matsenga kapena ayi?"

"Matsenga ndiwo anaukweza. Atauleka, unatsika wokha, monga umatsikira mwala uliwonse. Kukhwima kumabweza moto wa mfiti chifukwa motowo inaupanga ndi mfiti. Mwala mfiti sinaupange, inaupeza. Mfiti ikakumba dzenje ndi matsenga, wokhwima akagweramo amathyoka mwendo ngati aliyense. Mwalawo si matsenga, Mwini Dziko. Nyemba sindibweza."

Alonda anasuntha phazi limodzi. A Chibwebwe anaweramira kutsogolo, nalankhula mofatsa ngati akupatsa mwana switi. "Ndiye mukuti Sagonja wa… watani, aphunzitsi? Malizitsani, mlembi alembe."

"Wakomoka, a Nduna. Waponyedwera kawiri. Ulendo ndi wa Mwini Dziko."

"Mtengeni," inatero Mfumu. "Tipeza wina wodziwa kuwerenga."

Welosi anaimirira, nakankhira mpando m'malo mwake. "Ndipita, Mwini Dziko, chikwama chili kale pakhomo. Koma ndikanalakwira udindo ndikanapanda kukukumbutsani ndime 9. Munaiwerenga nokha chaka chatha, kawiri."

Mkulu wa Asilikali, amene kachidole kake kanafera m'ngalande, sanalankhulepo kanthu pa tebulopo kwa miyezi khumi ndi umodzi. Tsikulo analankhula, maso ali kudenga. "Wosunga Buku akachotsedwa nkhani yathera pomwepo," anatero, "ndipo aliyense wokomoka…"

"Tikuidziwa!" inatero Mfumu.

Alonda anaima pakati pa chipinda, mmodzi dzanja lili kale paphewa la Welosi. Palibe anawauza choti achite, choncho anakhala choncho.

"Musiyeni. Khalani pansi, a Kanyimbiri." Mfumu inatola dayisi, niliyang'ana mbali zonse ngati ikufuna mbali yomwe sinaionepo. "Ndiye titani?"

"Njira zilipo. Munene mawu awiri a ndime 45, a Nduna akuthireni mankhwala, Sagonja adzuke ndi nyemba khumi."

"Tinalemba kuti chishango sichitsika."

"Munalemba, Mwini Dziko. Kapena muponye."

"Kapena?"

"Buku silinena kuti munthu aponye msanga bwanji."

Mfumu inagwira dayisilo mpaka 5 koloko, nthawi yomwe masewera amaima. Welosi anaika kachingwe pa tsamba 112, nawerama, napita kwawo wapansi. Nambewe anamuona akulowa pachipata cha msika. Anamupatsa dengu la anyezi otsala kuti anyamule.

Kuyambira tsiku limenelo dongosolo silinasinthe. Lachinayi lililonse 2 koloko galimoto ya nyumba yachifumu imakatenga Welosi. Iye amatsegula buku pa tsamba 112 n'kunena kuti, "Ulendo ndi wanu, Mwini Dziko." Mfumu imatola dayisi. Nduna zisanu zimakhala manja ali pamiyendo, pakuti palibe angaponye Mfumu isanaponye. 5 koloko ikakwana onse amabalalika. Wailesi imalengeza kuti Sagonja akupumula pansi pa mwala mwa kufuna kwake, ndi kuti palibe wankhondo wina m'mbiri ya masewerawa amene anasenza mwala nthawi yaitali chotero. Mu Meyi a Chibwebwe analandira mendulo chifukwa cha mawu amenewo.

Pa Msika wa Nong'onani, munthu akamasankha katundu nthawi yaitali osagula, amalonda amamuuza kuti, "Ponyani, bwana, kapena tsitsani chishango." Apolisi anafufuza mawuwa mu Julaye, napeza kuti onse ali m'buku.

Mu Juni, nyengo yozizira, Welosi anayamba chifuwa. Nyumba yachifumu inatumiza madokotala atatu, mabulangete asanu ndi limodzi, ndi mlonda woonetsetsa kuti sakuyenda pamphepo. Palibe munthu wamba m'mbiri ya Salakwa amene anasamalidwa chotero. Nambewe anapereka mabulangete awiri kwa Lemani, ena anatumiza ku Khalachete kwa Osunga Buku awiri aja. Lake lija, lochapa, lili m'chikwama pakhomo mpaka lero.

Chifuwacho sichinathe. Pa 31 Okutobala Bwalo la Nduna linakumana mwachinsinsi, litazindikira kuti ndime 9 imanena za Wosunga Buku wochotsedwa, koma sinena chilichonse za Wosunga Buku womwalira ali pa udindo. Linakambirana maola asanu ndi awiri, kenako linakumbukira kuti wogamula tanthauzo la bukulo ndi mmodzi yekha. A Chibwebwe anapita okha kunyumba kwa Welosi, atanyamula botolo la uchi, kukafunsa. Welosi anakhosomola, nalandira uchiwo ndi manja awiri, nati ayenera kuwerenga kaye.

Dzulo, pa 7 Novembala, linali Lachinayi la 33 chiperekereni chigamulo chake. Dayisi silinaponyedwe. Mawu awiri aja sananenedwe. Mtengo wa mapeyala udakali pa unyolo, ndipo wayamba kuchita maluwa. Welosi Kanyimbiri akuti ali pa tsamba 40.